Mutu wa Che Bwanali ndi TV ya 3D

Mpaka lero ndikakumana ndi Che Bwanali pa Wynberg, manja ndimapinda kumbuyo ngati mwana wasukulu. Iwonso amayamba ayang'ana manjawo asanayankhe moni. Sindiwaimba mlandu.

Nthawi imeneyo, nditachoka ku Malawi kudzasaka ganyu kunja kuno, ndinkatsuka mbale mu lesitilanti ina m'tauni, kugona ku Masiphumelele m'kashaki ka chipinda chimodzi. Ndinali nditafunsira Asiyatu, mtsikana wa kwathu ku Machinga. Makolo ake anali kumudzi, ndiye nkhani yonse inali m'manja mwa malume akewo, Che Bwanali, telala wa pa Wynberg, munthu wosaseka wamba. Anatuma mawu akuti Lamulungu abwera kudzaona pamene ndimagona. Akakhutira aimba foni kumudzi kuti mnyamatayo ndi munthu. Akapanda kukhutira, Asiyatu ndimuiwale.

Wanzeru akanagula mpando. Ine ndinaganiza za TV.

Wogulitsa pa shopu ya zamagetsi imene ndinalowa anali bambo wa ku Harare, agogo ake ochokera ku Malawi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chishona. "Achimwene, bwerani muone chishamiso. 3D yopanda magalasi." Masiku amenewo 3D inali m'kamwa mwa aliyense, koma paliponse ankati uvale magalasi akuda aja. Anandiimika pa kamtanda ka tepi komata pansi, n'kuyatsa. Gulugufe anatuluka mu TV n'kubwera pamphuno panga penipeni. Ndinamuingitsa ndi dzanja (inde, anthu akuona).

Zinalipo ziwiri. Yaikuluyo akuti banja lonse limaonera bwino, wina ali uku wina uko. Mtengo wake nditaumva ndinafunsa ngati akugulitsira kumodzi ndi shopuyo. Yaing'onoyo inali yogwirapo kale ntchito, mtengo wa anthu otsuka mbale.

"Yotchipayi imafuna mukhale pakati penipeni, patali ngati pamene mwaimapo," anatero bamboyo. "Mukasuntha, shamwari, zimasokonekera."

Munthuyo sanandinamize, ndisamuchimwire. Kungoti gulugufe uja anali adakali m'mutu mwanga. Ndinanyamula, pamodzi ndi kafulashi ka zithunzi za 3D kamene anandipatsa ngati basela.

Kunyumba nditayesa, ndinaona vuto. Kashakiko kanali kafupi. Malo okhawo amene gulugufe ankatulukira anali pakhomo penipeni, pamene timavulira nsapato. Kwina konse zithunzi zinkangoti mbuu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti tikaonera pomwepo, n'kuthimitsa osaonera n'komwe kafulashiko mpaka kumapeto.

Lamulungu Che Bwanali anafika, mkanjo woyera mbee, mzuli kumutu, Asiyatu akutsatira pambuyo. Mlendo wotero sungamukhazike pa nsapato, ndiye ndinawalowetsa mkati pakona, pa mpando wobwereka kwa aneba. Tiyi ndinathira, mabisiketi ndinaika. Anafunsa za ntchito, za mapepala, za mapemphero a Juma ngati ndimapita ku mzikiti. Zonse ndinayankha bwino. Mayeso ndinali nditakhoza kale, anthuni. Koma mtima unati TV ija aione.

Anayang'ana kwa kanthawi. Anavula magalasi awo, kupukuta, kuvalanso.

"Gulugufeyu ali ndi mnzake, kapena ndi maso angawa?"

"Ndi 3D, malume. Amatuluka."

"Chimene chikutuluka ndi misozi. Mutu wayamba kundiwawa."

Asiyatu anandiyang'ana ndi maso akuti thimitsa. Ndinawaona masowo, ndinawamva, koma ndinati, "Malume, mutasunthako pang'ono." Anadzuka, ine n'kukoka mpando. Palibe. Pang'ononso. Palibe. Tinayenda choncho, iwo kudzuka ine kukoka, mpaka mpandowo unafika pakhomo paja, miyendo yakumbuyo ili panja pamchenga. Aneba anayamba kuchedwa pa mpopi dala. Mayi wina mpaka anawapatsa moni m'chilankhulo cha kuno, "Molo, tata," iwo n'kungogwedeza mutu.

"Sindikuonabe kanthu," anatero.

Malo anali omwewo, koma mutu anaupendeketsa, monga amachitira atelala poyang'ana msoko. Kunatsala kadzanja kamodzi kokha kuti mutuwo ufike pamalo pake. Apa ndi pamene nzeru zinandithawa. Ndinaima pambali pawo, n'kugwira mutuwo ndi manja awiri cha m'makutu, n'kuuwongola ngati ndine wometa.

Mzuli unagwa.

Asiyatu anatseka pakamwa ndi mpango. Ine ndinazindikira kuti m'manja mwangamu muli dazi la munthu wamkulu, lofunda, la malume a mtsikana amene ndikufuna. Kwathu mutu wa munthu wotero ngakhale mwana wake saukhudza. Choopsa n'chakuti sindinasiye. Mantha anandiumitsa, manja anangokhala pomwepo.

Nthawi yomweyo agulugufe anatha, panabwera njoka. Ine sindinkadziwa kuti mu kafulashimo muli njoka. Ndipo mutuwo ndinali nditauika pamalo ake enieni, moti chinjokacho chinatuluka bwino lomwe, kukamwa yasa, kulunjika pamaso pawo.

"Subhanallah!"

Anadziponya chagada. Miyendo ya mpando inalowa mumchenga, munthu wamkulu n'kugwera panja, mapazi m'mwamba, mkanjo woyera uja m'madzi ochapira amene aneba anataya. Ine ndinatsala nditaima, manja ali m'malere, akugwirabe mutu umene panalibe.

Ukwati ndinauona ukupita. Ndinawadzutsa, pakamwa pakungotuluka "pepani, pepani". Asiyatu anawapatsira mzuli atagwada, misozi ili m'maso. Anavala, n'kusasa mkanjo. Kenako anakoka kireti ya zakumwa imene ndinkaikapo nsapato, n'kukhala pakhomo pomwepo.

"Tabwezani njokayo."

Anaonera mpaka kumapeto, mutu uli chilili, ife awiri titaima m'mbali tikuona utsi. Atamaliza anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, TV iyi ndi ya munthu mmodzi. Iwe ukufuna kukhala wekha kapena awiri?"

"Awiri, malume."

"Ndiye siikuyenera. Ine akazi anga ali ku Mangochi, kuno ndimakhala ndekha. Uinyamule mpaka pa takisi." Anaimirira, n'kuwonjezera motsitsa mawu, "Za mutu wangawu sindikanena kumudzi. Akamva sangakupatse ngakhale nkhuku."

Ndinaisenza mpaka pa takisi, rimoti ili m'thumba la mkanjo wonyowa uja. Foni ya kumudzi anaimbadi, ndipo Asiyatu ndi mkazi wanga. TV yachiwiri anasankha yekha, yawamba, yoonera aliyense, ndipo ine sanandilole n'kulowa m'shopumo.

Pa Idi timapita kukawaona malume. Amayatsa TV yanga ija, n'kukhala pakati penipeni. Ine amandipatsa mpando wapakona, ndipo akandifunsa ngati ndikuona bwino, ndimati bwino kwambiri, malume.