Karibu Wanga Anachepetsa Mimba ya a Banda

Ndiulule poyambirira pomwe: kochi wochepetsa thupi anali wanga, koma amene anachepa ndi munthu wina.

Kutatsala miyezi itatu kuti mwana wathu Chikondi akwatiwe, ndinayesa suti yanga. Batani linakana kufika pabowo. Mkazi wanga sanaseke (bola akanaseka), anangoti, "Bambo a Chikondi, mwanayu mukamuperekeza jekete lili yasa?" Mawa lake anandipezera kochi wa zakudya, mayi Tadala a ku Area 12, munthu wofatsa pakamwa koma wosanyengerera.

Malamulo awo anali osavuta. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tiziphikiratu za sabata yonse n'kuika m'makontena asanu: nkhuku yowiritsa, nyemba, nkhwani, ndi kambatata kamodzi. Masana aliwonse ndizijambula kontena n'kuwatumizira chithunzi pafoni. Loweruka, pasikelo.

Lolemba kuofesi ku City Centre ndinatsegula kontena, kujambula, kutumiza. Supuni isanafike pakamwa, analowa a Banda, amene timakhala nawo ofesi imodzi. Ine, monga munthu woleredwa bwino, ndinati, "Karibu, achimwene."

Inu mukudziwa kuti karibu wa muofesi yankho lake ndi "zikomo, pitirizani". Koma a Banda anakasamba m'manja. Ntchafu ya nkhuku ija ndinangoitsanzika ndi maso.

Lachiwiri anatulukira ndi jumbo yotentha: tchipisi ndi nyama yambuzi ya pachiwaya, yochokera ku Area 2.

"Dzulo ndinadya zanu, lero tidye zanga," anatero. "Paja kupatsa n'kuika."

Ndikanakana bwanji? (Kunena zoona, sindinayese n'komwe.) Pofika Lachinayi zokambirana zinali zitatha: iwo kontena, ine jumbo. Koma bodza ayi, sindinanamepo. Chithunzi chimapita tsiku lililonse, 12 koloko ndendende.

Loweruka loyamba sikelo inakwera. Mayi Tadala anadabwa, nachotsa mbatata. Loweruka linalo inakweranso, anachepetsa nyemba. A Banda mpaka anadandaula kuti alamu awo ayamba kuumira.

Sabata yachinayi, Lachitatu masana, tinangomva "Odi!" Mayi Tadala! Njira anawalozera ndi mkazi wanga. Anandipeza zala zili noninoni, tchipisi zili m'kamwa, a Banda akukombeza kontena lolembedwa "Lachitatu" ndi dzanja la mkazi wanga.

Manyazi ake, abale inu! Ndipo mukudziwa chimene chinatuluka pakamwa panga?

"Karibu, mayi."

Koma maso a mayi Tadala anali pa lamba wa a Banda, amene anali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali.

"Bambo, zimenezi mwadya nthawi yaitali bwanji?"

"Ukukwana mwezi, mayi. Mawondo anasiya kupweteka. Masitepe ndikukwera osapumira."

"Ndiye kuti mankhwala anga akugwira ntchito," anatero, n'kutembenukira kwa ine. "Kungoti akumwa ndi wodwazika matenda."

Kunyumba ndinatha masiku awiri ndikuitanidwa kuti "a Chiwaya", ndipo suti anaipachika pachitseko cha kuchipinda kuti tizionana m'mawa uliwonse. Koma mayi Tadala sananditaye. Anangosintha lamulo: makontena akhale khumi, nyemba azigula a Banda, ndipo chithunzi chizijambulidwa titatha kudya, tonse awiri tikuoneka nkhope.

Tsiku la ukwati batani linafika pabowo. Movutikira, koma linafika. Ndinayenda ndi Chikondi mpaka kutsogolo, mpweya ndikukoka pang'onopang'ono, ndili wosangalala zedi. A Banda ndiye anavina perekaniperekani yense osakhala pansi.

Karibu sindinasiye, sindinaleredwe choncho. Kungoti masiku ano ndimanena kontena nditalikombeza kale.