Soketi Yanga Ndi ya Mabowo Atatu

Ndiyambe ndi kunena kuti nyumba sinapse. Anthu a pamsika wa Lundazi akufalitsa zoti denga linanyeka, koma ndi bodza lamkunkhuniza. Chinatuluka ndi utsi chabe, ndipo sunali wochuluka moti n'kuitanira aneba (anabwera okha).

Ine ndimagulitsa zipangizo za njinga: masipoko, matcheni, machubu ndi zina zotero. Ntchitoyi inandiphunzitsa kuti palibe chitsulo chokana chinzake. Chikavuta kulowa umachipala ndi tupa, chikakhwepa umapanikizapo kachidutswa ka chitini. Njinga zonse zochokera ku Magodi ndi matumba a mtedza zimayenda motero, ndipo eni ake amabwera kudzathokoza.

Nkhani inayamba ndi foni ya mkazi wanga, amake Tiyezge, yomwe inadzaza mpaka kumakana kujambula. Chodzazitsa chachikulu chinali vidiyo ya malemu apongozi anga aamuna akuvina ngoma paukwati wa mwana wathu, chishango kumanja, zikopa m'chiuno, fumbi lili koboo. Kumeneko kunali kuvina kwawo komaliza. Akubanja anali atagwirizana kale kuti tsiku lovundukula chiliza chawo ku Magodi, vidiyoyo idzaonetsedwe kwa onse.

Wobwera ndi nzeru ndinali ine. Ndinali nditaonera pafoni anthu akudzipangira seva, kompyuta yongokhala pakona phee n'kumasunga zithunzi ndi mavidiyo a banja lonse. Ndinagula hadi disiki yaikulu, ndinabwereka laputopu, n'kusamutsira zonse m'disikimo. Kenaka ndinafufuta za m'foni kuti ipume.

"Atate ake Tiyezge, mwafafaniza?" anafunsa mayiwo.

"Zili pabwino kupambana kale. Foni imagwela m'madzi, seva siyenda."

Anangolandira foni yawo n'kuiponya m'thumba.

Panatsala zinthu ziwiri. Choyamba purosesa, ubongo wa makinawo, kachitsulo kaphwatalala ngati bisiketi. Chachiwiri mazabodi, thabwa lobiriwira lomwe ubongowo umakhalapo ndi kulumikizana ndi zina zonse. Purosesa ndinaisankha monga asankhira ng'ombe yolimira: yamphamvu kuposa zonse, yochotsedwa m'kompyuta ya mu ofesi ina ku Lusaka. (Ndamva pambuyo pake kuti seva yosunga zithunzi imangofuna kakang'ono kosadya magetsi. Chabwino, koma ndani amakana ng'ombe yonenepa?) Mazabodi ndinaipeza kwa wogulitsa wina wa ku Chipata. Inandikopa chifukwa inali ndi malo ambiri olumikizirapo madisiki, oti tsiku lina mudzi wonse uzidzasungitsa kwa ine.

Ndinamuimbira foni wogulitsayo.

"Mudala, pulosesa yanu ni ya soketi bwanji?" anandifunsa.

"Ya mabowo atatu, monga nyumba iliyonse mu Zambia."

Ndinamva akuuza wina pambali, onse n'kuseka.

"Sinikamba ya pakhoma, mudala. Nikamba pamene ikhala pulosesa pa bodi. Muniwelengeleko nambala."

Apa ndiye magazi anawira. Munthu ukasekedwa sumva zolembedwa, umamva mutu wokha.

"Iwe, n'nayamba kugulitsa zitsulo ukalibe kubadwa. Ika pa minibasi."

"Ikakana musabweze."

"Kulibe chitsulo chinanikanapo."

Muweruze nokha, abale. Wolakwa ndani, ine kapena amene anapatsa zinthu ziwiri dzina limodzi? Soketi timaidziwa tonse, ndi ija timabayapo ketulo. Ngati ina ija ndi mpando wa purosesa, akanangoitcha mpando, nkhani ikanatha.

Katundu anafika Loweruka, magetsi atazima monga mwa masiku onse. Ndinayala zonse patebulo la pabalaza, n'kunyamula purosesa ija mwaulemu kuti ndiikhazike. Inakana. Ndinaitembenuza, inakananso. Kukula kwake kunali kofanana ndendende ndi malo ake, kungoti m'mbali inali ndi timipata tiwiri tosagwirizana ndi timano tapulasitiki ta pa bodi. Kusiyana kwake kunali ngati njere ya mawere. Munthu wanzeru angabweze katundu ku Chipata chifukwa cha njere ya mawere?

Ndinapita kukatenga tupa.

Amake Tiyezge anadutsa ndi beseni la zochapa n'kuima pakhomo.

"Mupala ubongo?"

"Nitsiliza zimene anaiwala kutsiliza ku fakitale."

"Ndiye disiki ya atate muichotsepo patebulopo."

Sindinaichotse. Ndinapala timano tija mpaka purosesa inakhala pansi, ndinatseka kachotsekera kake (kanalira kuti tswa, koma zitsulo zatsopano zimatero), n'kulumikiza disiki ija nthawi yomweyo. Ndinkafuna kuti chinthu choyamba kuoneka pa sikirini chikhale apongozi akuvina, kuti mayiwo achite manyazi ndi kukayika kwawo.

Magetsi anabwera chakumasana. Ndinadina batani. Fani inazungulira kamodzi n'kuima, kenaka thi, fungo la tayala lopsa, utsi wabuluu n'kuyamba kukwera. Disiki inalira ke-ke-ke ngati nkhuku yotsamwa, basi zii. Ndinazula waya ndi kukupiza ndi chipewa, koma aneba anali atafika kale pawindo.

Lolemba ndinazungulira nayo disikiyo kwa onse okonza makompyuta pa boma. Aliyense ankaiika kukhutu, kuinunkhiza, n'kundibwezera ndi manja awiri ngati akupepesa maliro.

Mantha amene ndinali nawo pouza amake Tiyezge sindinawamvepo chiyambire. Ndinkalakalaka atandikalipira, koma iwo anangokhala pampando n'kumayang'ana pansi. Patapita nthawi anaimbira mng'ono wawo wa ku Chipata, yemwe iwo anali atamutumizirako kachidutswa ka vidiyoyo kalekale. Kanapezeka, koma kanali katadutsa m'mafoni ambirimbiri, kafupi, kosaoneka bwino.

Tsiku la chiliza tinaika TV patebulo pansi pa mtengo wa mango, ya batire ya sola. Anthu anadzaza. Pa sikirini panatuluka chinthu chonga munthu ali mu nkhungu, mutu ulipo koma wopanda maso ndi pakamwa. Apongozi anga aakazi anasendera pafupi, mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Aŵa mbanjani?" anafunsa m'Chitumbuka, posamuzindikira wovinayo.

Ine thukuta linali kamukamu. Kenaka chithunzithunzi chija chinadumpha n'kuponda pansi, mwendo wamanzere ukuchedwerako pang'ono.

"Ndiwo," anatero apongoziwo motsitsa mawu. "Mwendo uja inawaponda ngolo."

Anapempha kuti tibwereze, tinabwereza. Anaseka, anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, kenaka anatembenukira kwa ine pamaso pa anthu onse.

"Atate ake Tiyezge, mwendo nauona. Nanga nkhope yawo mwaisunga kuti?"

Ndakhala ndikukangana ndi anthu moyo wanga wonse, koma mawu amenewa anandilasa. Zinandiwawa, ndipo zikundiwawabe.

Komabe musayembekeze kuti ndigwada. Mpaka pano ndikuti opanga zinthuzi ndi anthu ankhanza, amasinthasintha timano dala kuti tizigula kawiri. Ndinamuimbiranso wa ku Chipata uja, ndinamuwerengera nambala ya soketi (osati chifukwa choti iye ananena, ndinangofuna), ndipo ananditumizira purosesa ndi bodi zogwirizana. Seva ija ndinaimaliza ndi manja angawa. Ili pakona, ikulira bwinobwino, muli malo okwana mavidiyo a mudzi wonse. Kungoti foni ya amake Tiyezge tsopano ili ndi nambala yachinsinsi yomwe ine sindiidziwa, ndipo mpaka lero palibe wandipatsa ngakhale chithunzi chimodzi kuti ndimusungire.