Asewere Akubwera, Ine Ndikuyaka

Lolemba, 9 Okutobala 1978

Sista wa ku kiliniki akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Amai, simukudwala. Mwayamba kusiya kumwezi basi." Basi! Thupi lotentha ngati mbaula, tulo kulibe, ndikukangana ndi nkhuku zomwe, iye akuti basi.

Loweruka kukubwera amake Mutale, mayi wa mnyamata wofuna kukwatira Vero wanga. Mbemba wa ku komboni ya Natuseko, pakamwa pake ngati lumo. Asandipeze chonchi.

Malangizo a sista:
tiyi ayi
tsabola ayi
madzi ambiri
kuyenda tsiku lililonse
zovala zopepuka
mtima ukapsa, kupuma pang'onopang'ono

Pofika Loweruka ndikhala mayi wozizira, waulemu. Ndatsimikiza!

Lachiwiri

Mafuta ophikira afika ku sitolo ya boma. Mzere wakhota mpaka kuseri. Dzuwa pamutu, dzuwa lina mkati. Motowu ukuyambira pachifuwa, kukwera khosi, kufika m'makutu. Ndikudzikupiza ndi khadi la chipani. Bambo wa chipani wosunga mzere akuti ndikunyoza boma.

Ndikupuma pang'onopang'ono. Ndikupumanso. Kenako ndikumuuza za iye, za amake, za agogo ake.

Andichotsa pamzere. Mafuta palibe. Tiyi ndamwa, wambiri.

Lachitatu

Ndadzuka zofunda zili nyowe ngati ndinagona mumtsinje. Sopo mu Kabwe monse mulibe.

Amake Tisa, a nyumba yoyandikana, akuti motowu ndi fumbi la ku mgodi. Mlamu wanga akuti alipo wandiponda mapazi kuti andilodze, ndipo akumudziwa. Wandipatsa mizu yowawa ngati ndulu. Sista sanatchule za mizu, koma ndamwa.

Lero ndiye ndayenda ndithu: khomo, chimbudzi, khomo, chimbudzi. Motowo uli pomwepo.

Lachinayi

Atate ake Vero abwera kuchokera ku njanji akumwetulira, m'thumba muli mango aawisi. "Amake Vero, ine si mwana, ndaona zonse. Akakhala mwamuna timutcha dzina langa."

Mayo ine! Auza kale anzawo onse kuntchito. Akuti anawanyamula m'mwamba.

Ndawakhazika pansi, ndawafotokozera za sista. Ayang'ana mango aja. Kenako: "Ndiye anzanga aja ndikawauze chiyani?"

Ndalira mpaka nshima kupserera. Mwana sindikumufuna, omwe ndili nawo andikwana. Nanga ndikulirira chiyani? Mango ndadya onse, ndi mchere ndi tsabola.

Lachisanu

Diresi la mawa lafika kuchokera kwa telala. Nsalu anasankha Vero: nayiloni, manja aatali, khosi lotseka mpaka pachibwano. "Ndiye fashoni, amama." Ndangoliyesa, ndatuluka ngati chimanga chophika.

Ndikulowa m'chipinda, sindikudziwa chomwe ndalowera. Chipeso ndachipeza m'thumba la ufa. Vero ndamuitana dzina la mng'ono wanga, kenako la galu.

Zotsala pa malangizo a sista: madzi. Nawonso mpopi wauma kuyambira masana.

Loweruka

Amake Mutale afika, chitenge chatsopano, duku lalitali. Moni wayenda bwino. Nkhuku yowiritsa yopanda mafuta, sanainyoze. Ndikuyamba kuganiza kuti ndapulumuka.

Ndikugwada kuwasambitsa m'manja. Pomwepo moto uja buu! Thukuta likutsika pachibwano, tho, tho, m'beseni momwemo. Onse akuona.

"Inu anthu a kum'mawa," akutero amake Mutale, "mbewa zija mumadya zayamba kukuotchani m'mimba?"

Aliyense akuseka, ndi atate ake Vero omwe. Vero wabisa nkhope. Ndikudzuka, diresi pwee m'khwapa. Ndathawira kuseri kwa nyumba, duku pansi, mutu wonse m'diramu la madzi ochapira. Ukwati wa mwana wanga ndauphera m'beseni.

Ndikudzutsa mutu, amake Mutale ali pambuyo panga, akumasula mabatani a bulauzi. Khosi lawo lili noninoni.

"Sunthani, asewere."

Nawonso mutu phava m'diramu. Taima tonse awiri, madzi akuchucha.

"Kodi zimatha liti?" ndafunsa.

"Zanga zinayamba chaka chija tinalandira ufulu."

Ukwati ulipo, akuti Vero amukonda. Koma chaka cha ufulu! Vero anali asanayambe ndi sukulu yomwe!

Lamulungu

Ku Misa. Mpando wanga wa kutsogolo sindinaufike, moto wandigwira pa khomo penipeni.

Pali benchi lija la pafupi ndi chitseko, la amayi akuluakulu. Zaka zonsezi ndimati amakhala pamenepo kuti azithawa ulaliki. Lero ndaona bwino: aliyense buku la nyimbo m'manja, palibe akuimba, onse akudzikupiza. Mmodzi wandiyang'ana, wasuntha. Ndakhala. Kamphepo kalipo ndithu.

Kunyumba ndatulutsa nsalu zanga za kumwezi pansi pa sutikesi. Ndimati ndizitenthe, koma nsalu masiku ano ndi yosowa. Ndapukutira mawindo onse. Akuwala bwino. Ine ndakhala pakhonde, ndikuyaka.