Ndinadya nthutumba ya mbusa wa eni

Anzanga, ngati mukufuna kuseka sekani, ine manyazi anandithera kalekale. Mpingo wathu utandituma ku Chitipa ngati mmishonale, ine mwana wa ku Dowa ndinadziona kuti ndakwera ndithu. Anandichenjeza kuti kumeneko mudzi uliwonse uli ndi chilankhulo chake, ndiye ndili m'basi ndinaloweza mawu awiri a Chitumbuka, "monire" ndi "yewo", moni ndi zikomo, n'kunena kuti basi, ndakwana.

Anandiika ku Chisenga, kufupi ndi mapiri a Mafinga. Lamulungu loyamba ndimayenera kukaonekera ku katchalitchi kena ka kumudzi, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Akhristu kumeneko anakonza zondilandira, komanso zondiyeza ngati Mchewa ameneyu ndi wokhalitsa kapena alembe kalata kuti amutenge. Loweruka kunabwera mkulu wa mpingowo, bambo Silungwe.

"Abusa, mawa ndizabwera kuzakutolani. Nthowa za kuno, tinjira timeneti, zikusocheretsa."

"Musavutike, akulu," ndinatero ine ndi matama anga. "Amene anatsogolera Aisraeli m'chipululu sangalephere pa Chisenga."

Kodi ndinakumbukira kuti Aisraeliwo anazungulira zaka makumi anayi? Ayi ndithu. Bambo aja anangoti "yewo", n'kundiuza kuti ndikawoloke kamtsinje, ndikapeza munda wa mawere ndikakhotere kumanja.

M'mawa suti, tayi, Baibulo pa kaliyala, ulendo. Abale, timitsinje ndinawoloka titatu, ndipo minda ya mawere inali paliponse, ndiye ndinkangokhota kumanja, kukhotanso kumanja, thukuta kamukamu. Anthu ndinakumana nawo ambiri, koma mbusa wa suti afunse njira ya ku tchalitchi chake chomwe? Anthu ati chiyani? Mwadzidzidzi ndinamva kuyimba kutsidya kwa chigwa, ndipo ndinati ehe, si izi, Mulungu sagona.

Kungotulukira pabwalo, nthungululu! Amayi kuyala zitenje pansi kuti ndipondepo, wina kundilanda njinga, wina kundipukuta nsapato. Ine "monire, monire", iwo "yewo, yewo", mawu anga onse awiri n'kutha pomwepo. Ndinafunsa kuti bambo Silungwe ali kuti. Panaimirira nkhalamba yopanda mano imene sindinaionepo chibadwire. Ndinati ayi, winayo. Anaimirira ena atatu. Ndinangoganiza kuti dzinali kuno lili ngati Banda kwathu, ndipo wangayo mwina watsekula m'mimba.

Anandipatsa womasulira, mphunzitsi wina waulemu kwambiri, a Sichone, ndipo ndinayamba ulaliki. Mutu wake mukuudziwa? Nkhosa yotayika. Ine amene! Ndinamenya gome n'kukuwa kuti, "Nkhosa imatayika chifukwa cha matama! Siifunsa anzake!" Tchalitchi chonse, "Ameni!" Ndinamva kukoma mpaka ndinabwereza katatu.

Moto utandikwera, ndinayang'ana kudenga n'kuona malata atsopano ali waliwali. Paja ku likulu anandionetsa kalata yodandaula kuti denga la tchalitchi changa ndi la udzu ndipo likudontha. Ndinawatembenukira akuluakulu a kutsogolo.

"Bodza ndi tchimo, abale. Munalemberanji kuti denga likudontha?"

Anayang'anizana, anayang'ana denga, kenaka nkhalamba ija inaimirira n'kupepesa m'malo mwa onse. Kupepesa kalata imene sanalembe! Anthu aulemu ngati amenewa sindinawaonepo.

Pemphero lotsekera ndinapempherera mvula, odwala, kenaka atsogoleri a dziko lathu la Malawi. A Sichone anakhosomola pang'ono asanamasulire, ndipo "Ameni" inabwera imodzi yokha, yowonda. Zinandinyansa. Anthu osakonda dziko lawo bwanji? Ndinakweza mawu, "Ndati dziko lathu lokondedwa la Malawi!" Apo anayankha onse, koma mwa ulemu chabe.

Titatuluka anandikhazika pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo, mpunga uwo, nkhuku iyo, ndipo nthutumba, imene paja imakhala ya mlendo wolemekezeka, anaiika pambali m'kambale kakekake. Ndangoiponya m'kamwa chonchi, kunamveka njinga yamoto. Anatsika bambo wamfupi wonenepa, kolala yaubusa pakhosi, fumbi mpaka m'nsidze. Anapepesa kuti tayala linaphulika panjira, kenaka anaona ine, anaona mpando, anaona mbale.

"Nanga awa ndi ndani?"

Ndinayankha ndi tsaya lotupa kuti ndine mbusa watsopano wa pano, wochokera ku Dowa.

A Sichone anandiyandikira, manja kumbuyo, n'kunong'ona.

"Abusa, pepani chomene. Dowa wake wa ku Malawi?"

"Alipo wina?"

"Chifukwa kuno ndi ku Zambia."

Mayo ine! Nthutumba ili m'kamwa, ndimeze kapena ndibweze? Mwini wake ali pomwepo akundiyang'ana kukhosi. Ndinameza, anzanga, ndipo inatsika ngati mwala. Anthuwa anali akudikira mlaliki wochokera kutali amene sankamudziwa nkhope, ndiye ataona suti pa njinga anangoti ndi yemweyo. Ine kwathu ndinkadziwa kuti malire a dziko ndi chipata, apolisi ndi chidindo. Nditafunsa kuti malirewo ndinawadutsa pati, anati pa mzere wa nthochi za mayi ena ake, pamene ndinaima kukonza tcheni.

Anandiperekeza ndi nkhalamba ija, ine ndikukankha njinga pambuyo mutu uli pansi. Tinafika ku tchalitchi changa dzuwa litapendeka. Denga la udzu, lodontha ndithu. Akhristu anali pabwalo chikhalire kuyambira m'mawa, njala itawapweteka, abambo ena atapita kukandisaka m'mapiri. Ndinadziwa kuti kalata yondibweza ku Dowa ilembedwa lero lomwe.

Nkhalamba inapatsana moni ndi bambo Silungwe anga, kani ndi pachisuweni, n'kufotokoza zonse m'chilankhulo chawo. Sindinamve kanthu, koma ndinaona amayi akugwa pansi mmodzimmodzi, wina mpaka kukwawa atagwira nthiti. Bambo Silungwe okha sanaseke. Anavula chipewa n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Abusa, mnzanu amene analipo kale anapirira miyezi iwiri asanatithawe, ndipo anathawira pa Boma pomwepa. Imwe tsiku loyamba, mpaka kunja kwa dziko?"

Kalata sanalembe, ati mbusa woseketsa chonchi sapezekapezeka. Koma anasankha amayi awiri a chigwirizano oti aziyenda nane Lamulungu lililonse, wina kutsogolo wina kumbuyo, ngati akupititsa mbuzi kumsika. Ndipo ine ndinalumbira, sindidzayendanso osafunsa. Masiku ano ngakhale ndikupita kuchimbudzi cha kuseri kwa tchalitchi, ndimayamba ndaima pakhomo n'kufunsa, "Akulu, uku kukadali ku Malawi?"