Kutsimphina kwa Timu Yanga ya Kiriketi ku Mlare

Anzanga, musaone imvizi n'kumati munthuyu anabadwa ndi nzeru. Zimene zinandichitikira ku Mlare m'boma la Karonga, masiku aja munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, mpaka lero ndikazikumbuka ndimadziseka ndekha.

Ndinali mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Dowa, ndipo kiriketi ndinali nditaionerako kawiri ku Limbe, mosuzumira pampanda. Kawiri basi, koma mtima wanga wofuna kudziwa chilichonsewu unandinamiza kuti ndine katswiri. Ndinasema thabwa la chitseko chakale kukhala chomenyera, ndinazika timitengo titatu, mpira wa tenisi ndinapempha kumishoni, kalabu n'kuyamba. A hedi anandilola, koma ndi chenjezo: "Makolo akangodandaula, zathera pomwepo. Ndipo ana amatengera zimene akuona, mukhale chitsanzo."

Chitsanzo ndinakhaladi. Tsoka lake, sabata imene ndinkaphunzitsa kaponyedwe ka mpira ndinali ndi chithupsa, ndipo chinasankha malo aja okhalira. Ndikanauza ndani? Ndinangolimba mtima, kuthamanga motsimphina, kuponya, kukwinya nkhope n'kufuula kuti "Mayo!" Chitaphulika chinapola, ine n'kuiwala.

Patapita masabata awiri ndinaona zachilendo. Mwana aliyense akatenga mpira, kutsimphina, kukwinya nkhope, "Mayo!" M'kalasi ali bwinobwino, pabwalo olumala. Kodi ndi matekenya? Kapena minga? Ndinakwawa bwalo lonse ndi maondo, minga osaipeza. Ndinawayang'ana kumapazi mmodzimmodzi, palibe. Ndinagula kope n'kumalemba amene watsimphina ndi mwendo wake, ndipo chidwi chinakula nditaona kuti onse ndi wakumanzere. Kufunsa ana eni akewo sikunandibwerere m'mutu, mphunzitsi wathunthu angafunse mwana? Ndinapita kwa a hedi kukanena kuti kwagwa matenda achilendo.

Mawa lake makolo anadzaza pabwalo, amayi ena makasu ali paphewa, a hedi atatengana ndi adokotala a pachipatala chathu chaching'ono. Anayamba kulankhula ndi mayi ake a Lusekelo, mwana amene ankaponya bwino kuposa onse, akunditchula "asambizgi", ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka.

"Asambizgi, masewera anu awa yayi. Ine ndinabereka mwana wa miyendo iwiri, pano ngakhale mango akugenda motsimphina."

Adokotala anapinda maondo a ana, anafinya zala, osapeza kanthu. Kenako anachita chimene ine ndi kope langa sitinachiganize. Anafunsa.

"Iwe, pakupweteka pati?"

"Palibe, adada," anayankha Lusekelo. "Kiriketi amaponya choncho. Asambizgi anationetsa. Ukapanda kunena 'Mayo' mpira suwongoka."

Thukuta la ku Karonga ndinali nditalizolowera, koma la tsikulo linali lamtundu wina. A hedi ananditembenukira.

"Aphunzitsi, limeneli ndi lamulo la masewerawa, kapena pali china? Ngati ndi lamulo, titseke lero lomwe."

Ndinayang'ana ana anga aja atakumbatira thabwa lawo, misozi ili lengelenge, ndipo anandimvetsa chisoni. Kalabu kapena ulemu wanga? Ndinayankha chapansipansi.

"Chinali chithupsa."

"Kwezani mawu, akumbuyo sakumva," anatero adokotala. "Chinali pati?"

Abale inu, pamaso pa amayi onse a ku Mlare, ndinatembenuka n'kuloza.

Kuseka kwake! Mayi ake a Lusekelo anachita kukhala pansi, chitenje kukamwa, ndipo a hedi, pofuna chilungamo, anamasulira zonse m'Chitumbuka kuti pasakhale wotsalira. Kalabu inapulumuka, koma kuchotsa kutsimphinako kunanditengera teremu yathunthu, chifukwa ana ankati kuponya kowongoka sikukoma.

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira: chikandituluka chithupsa, kaya pamphuno kaya kumene mukukudziwako, ndimayamba ndalengeza pamzere wa m'mawa ndisanagwire mpira.