Apita ku 18

Mpaka lero ndikamadutsa mumzere wathu wakale ku Kawale ndimayenda chowerama, ndipo chinandipalira zonsezi ndi pakamwa pangapa.

Zaka zimenezo, matipate atangoyamba kumene, ndinkakolopa m'wodi ya abambo odwala kwambiri pachipatala china mumzinda muno. Anthu ankangomwalira, moti tikanati tizilira aliyense tikanapenga. Ndiye tinali ndi chinenero chathuchathu. Munthu akafika pakayakaya tinkati "akudikira basi." Akatisiya tinkati "apita ku 18," poti ku Area 18 ndiye kuli manda aakulu. (Musatiweruze, kuseka kuja kunali kulira kwathu.)

Pabedi la pakona panagona a Phiri, aneba anga, chifuwa chitawapana. Tsiku lina m'mawa ndinapeza pabedipo pali mbee, matiresi ataimikidwa kukhoma.

"Asisitala, a Phiri ali kuti?"

"Apita ku 18," anayankha nesiyo uku akuthamanga ndi diripi.

Ine osafunsanso. Ndinataya mopu n'kukwera minibasi, misozi ili chuchuchu. Mayi Phiri ndinawapeza akuchapa, poti kuchipatalako anali atasinthana ndi mwana wawo wamkazi. Ndinagwada mwaulemu ngati munthu woleredwa bwino.

"Amayi, limbani mtima. Zakanika."

Mayi aja anadzigwetsa pansi. Posakhalitsa masamba anali ataikidwa pamsewu, mipando ili panja, amvano ayamba nyimbo. Ine ndiye ndinkafotokozera aliyense wofika mmene malemu anavutikira (zina n'kumawonjezera).

Chakumasana pikapu inaima pamasamba paja. Kutsogolo kunali a Phiri, atafunda bulangete, akusuzumira pawindo.

"Kodi kwagwa zovuta? Watisiya ndani?"

Nyimbo inadukira pakati. Mkulu wina wampingo analumpha ngalande osaiona.

"Awatulutsa m'mawa," anatero mwana wawo uja akutsika. "Akakhala kwathu ku 18 mpaka apeze bwino. Tabwera kudzawatenga amayi."

Abale anga, ndinali nditaiwaliratu kuti ku 18 kumakhalanso anthu amoyo.

Mayi Phiri analira kuposa poyamba, atawagwira amuna awo dzanja osafuna kulisiya. Nanenso ndinalira, ndipo sindinasangalalepo chonchija chifukwa chokhala wabodza.

"Iwe," anatero a Phiri akundiloza, "madokotala andilephera, ndiye undimalize ndiwe wamopu?"

Anachira ndithu bambowo. Koma kuyambira tsiku limenelo, uthenga wa maliro ukafika mumzere mwathu, anthu sayamba n'kulira. Amayamba afunsa kaye kuti, "Wanena ndani?"