Khasu Lokana Kuchoka M'manja

Akazi anga amati nkhaniyi ndi yochititsa manyazi. Sindikana, koma ine ndimaifotokoza chifuwa chili patsogolo.

Chaka china chikwanje chinanditema dzanja lamanja ndikusadza mitengo, zala zitatu n'kungoti lende. Adokotala anati mitsempha yokoka zala yaduka. Anaisoka, mtsempha wina n'kuumangirira pafupa penipeni, kenako anandipatsa kampira koti ndizifinya ngati ekisesaizi. Ndinakafinya ine! Anzanga a kabaza pa Ntaja mpaka anasiya kundipatsa moni wapamanja. Vuto linatsala limodzi: dzanjalo likatopa, kufumbata limafumbata, koma kutambasuka, iyayi.

Ndiye ndinapeza mbeta kwa Nsamala ku Balaka, dzina lake Esinati. Amalume ake atamva za opaleshoni anakana, amvekere mkamwini wa dzanja losoka ngati thumba adzalima bwanji? Zinandiwawa. Loweruka m'mawa ndinapalasa njinga mpaka kwawo, n'kupempha khasu.

Mizere khumi ndinaiunda ngati masewera, amalume ataima potero.

"Basi bambo, taona. Ikani khasu pansi mumwe thobwa."

Ndiyese kuika, zala gwa! pampini. Tsono ndiulule kuti dzanja lakana, pamaso pa munthu yemwe ankalinyozayo? Ndinati ndimalize kaye mzere umodzi. Mzere unatha zala zili chigwirire. Ndinayamba wina.

Mayi ake a Esinati anabwera ndi chikho cha thobwa, ine ndinati sindimwa kanthu ntchito isanathe. A m'minda yoyandikana anasiya kulima n'kumaonerera. Dzuwa la ku Balaka mukulidziwa inu. Kukhosi kunauma, msana unkalira, koma ine ndinkaimba mluzu.

Munda wonse utatha ndinakakhala pamkeka, khasu lili m'manja. Esinati yekha ndiye anazindikira. Ananditengera kuseri kwa nkhokwe ndi madzi ofunda, n'kumatambasula chala chimodzichimodzi, akuseka mpaka misozi.

Tikubwerera ndinamva amalume akuuza abale awo: "Uyu ndiye mwamuna. Khasu mpaka achite kumulanda!"

Esinati ndinamukwatira, ndipo adokotala aja ndimawatamabe, ulusi wawo sunaduke. Koma chaka chilichonse mvula ikayandikira foni yanga sipuma. Amalume, azakhali, ngakhale asuweni omwe sindinawaonepo, onse akuti minda yawo ikudikira mkamwini wosatopa uja.

Mukafuna kudzionetsa kuchikamwini, yambani mwafunsa kukula kwa munda.